Thumba la Mawu

"Mwana wanga Ethan ali ndi zaka zinayi zokha, koma mawu amene ali m'mutu mwake akuluakulu ena a m'maofesi muno alibe," a Jonasi Sakala anali kuuza munthu wina pa foni, atakhala pakhonde, mwendo wina pamwamba pa unzake. "Si mankhwala ayi. Ndi sukulu ya pakhomo. Ine pano ndinakhazikitsa dongosolo."

Esinati, mlongo wawo wamkulu, anamva zonsezi ali kuseri kwa nyumba, atatambasula mwendo wake wa chilonda pa mkeka. Anasuzumira pakona. Mwini mawu ochulukawo anali atakhala pa fumbi, akunyambita nsapato ya atate ake. Esinati anabwerera pa mkeka wake. Anali mlendo. Anali atangofika dzulo lake kuchokera ku Mlolo kuti azimangitsa chilondacho m'mawa uliwonse ku chipatala cha pa boma.

Dongosololo linkaonekadi ndi maso. A Jonasi anapitako ku Chipata ku kamsonkhano kena kophunzitsa za kakulidwe ka ana, ndipo anabwerako ndi setifiketi, chikwama ndi kayendedwe katsopano. Kuyambira pamenepo chinthu chilichonse m'nyumbamo chinamatidwa pepala la dzina lake. Pa chitseko panalembedwa kuti chitseko, kuopa kuti wina angachiyese zenera. Pa tebulo, pa ndowa, pa wailesi, pa mipando ya pulasitiki, ponseponse mapepala. Mphaka yekha ndiye anapulumuka, chifukwa anathawa.

Koma chimake cha dongosololo chinali thumba la mawu. Linali thumba la chitenje, momwe Karen, mkazi wa a Jonasi, ankaikamo tinthu ta m'nyumba. Madzulo aliwonse Ethan ankakhala pa kampando kake kofiira, n'kupisa dzanja m'thumbamo, kutulutsa chinthu, kutchula dzina lake, kenaka kunena ntchito yake. Akakhoza, switi. Wophunzitsa anali Karen. A Jonasi mbali yawo inali youza anthu.

Madzulo a tsikulo thumba litatuluka, Misozi anasendera pafupi n'kuima pa msanamira. Misozi anali mwana wa malemu Elinata, mng'ono wake wa Esinati, mlongo wawo wa a Jonasi. Anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, woyenera kuyamba sukulu, giledi wani, mu Januwale.

"Iwe, choka," anatero Karen osatembenuka. "Pita ukaingitse nkhuku pa mtedza."

Mwana anachoka mosachita phokoso, ngati wazolowera.

"Alamu," anatero Esinati, "nanga uyu sapisako dzanja m'thumbamo?"

"Apisemo kuti atulutse chiyani? Mwana wosalankhula. Chifikireni pano mwamumvapo akunena kanthu?"

"Kumudzi ankalankhula. Pamaliro a amake anatopetsa anthu ndi mafunso."

"Ndiye mawuwo anawaiwala komweko. Kuno sanabwere nawo."

A Jonasi anatsitsa mwendo uja, chizindikiro choti ayamba kuphunzitsa. "Achemwali, izi ndi nkhani za akatswiri. Pali ana ena ubongo wawo umachedwa. Ife tinaphunzira zimenezi. Uyu ngakhale mu Januwale sitimulembetsa sukulu. Kungakhale kuwavutitsa aphunzitsi."

"Simumulembetsa?"

"Azithandiza amake Ethan pakhomo pano. Amenewonso ndi maphunziro."

Apa Esinati ulemu wa ulendo anauika pambali. "Jonasi, pamaliro a Elinata unaimirira pamaso pa mudzi wonse, tayi pakhosi. Unati mwanayu ndimutenga ine malume wake, chifukwa kwa Esinati akakula mbuli ngati Esinati yemweyo. Anthu anaseka, ine ndinameza. Unatenga mwana, unatenganso mbuzi zonse za m'khola mwa Elinata, uti ndi za sukulu yake. Lero sukuluyo yasanduka nkhuku?"

"Mbuzizo zili bwino."

"Zili kuti?"

"Pamalo abwino."

"Ndiye ndipatse mwanayo ndibwerere naye ku Mlolo. Sukulu iliko, ndikamulembetsa ndekha."

"Anthu adzati chiyani?" anafunsa a Jonasi, ndipo mawu awo anasonyeza kuti apa ndiye pamawawa. "Kuti Sakala, mkulu wa mpingo, munthu wa setifiketi, walephera kulera mwana wamasiye? Mwana sachoka pano. Nkhaniyi yatha."

Ethan anatulutsa supuni m'thumba. "Supuni. Yodyera phala." Analandira switi yake.

Masiku otsatira Esinati ankati akabwera kuchokera ku chipatala, ankakhala kuseri kuja n'kumasenda mtedza wa mlamu wake, kuti asamatchedwe mlendo wongodya. Misozi ankakhala chapatali ndi kamtengo koingitsira nkhuku. Esinati sukulu anailekezera panjira, koma maso anali nawo, ndipo anaona kuti masewera a thumbawo anali abwino ngakhale mwini setifiketi anali wotopetsa. Anamanga mfundo pa chitenje chake chakale, n'kuponyamo chipeso, chotsekera cha botolo, kachingwe ndi ndodo ya machesi.

"Bwera upise dzanja."

Mwana anayang'ana kukona kwa nyumba, osasuntha.

"Chabwino, ndipisa ndekha. Ee, ndatulutsa njinga."

Misozi anayang'ana chipesocho, n'kuyang'ana amayi ake aakuluwo, koma kukamwa kunali kotseka. Esinati anapitiriza choncho tsiku ndi tsiku, akunama mopanda manyazi. Chotsekera cha botolo anachitcha ng'ombe. Kachingwe anakatcha sitima. Pakati pake ankangoyankhula zake: za ku Mlolo, za mphonda zomwe Elinata ankabzala m'mbali mwa munda, za mmene mtedza wofumbwa umasiyanira ndi wabwino. Nthawi zina mawu a a Jonasi akamveka kukhonde akuuza wina za dongosolo, Esinati ankang'ung'udza kuti, "Amalume akowo ndi nkhukundembo. Kudzitukumula kokhakokha."

Sabata yachiwiri, atatulutsanso chipeso n'kuchitcha njinga, anamva kamawu kotsika ngati ka udzudzu.

"Si njinga. Ndi chipeso."

Esinati sanadzidzimuke poonekera. Anapitiriza kusenda mtedza. "Ntchito yake?"

"Chopesera tsitsi. Amama anali nacho chobiriwira. Chinathyoka mano awiri."

Kuyambira tsiku limenelo mawu anayamba kutuluka ngati nyerere pa una. Misozi ankadziwa mayina a zinthu zonse za m'thumba la Ethan, chifukwa ankamvetsera ali pa nkhuku pomwepo. Koma mapatapata a Karen akangomveka, kukamwa kunkatsekeka pakati pa liwu.

"Bwanji umasiya?" Esinati anamufunsa.

"Anti amati ndikalankhula ndimasokoneza Ethan."

"Ukasokoneza amatani?"

Mwana anangotola kamtengo kake n'kupita ku nkhuku.

Esinati anawauza a Jonasi madzulo omwewo kuti mwanayo amalankhula. Iwo anavala magalasi, n'kuitana. "Iwe, bwera kuno. Talankhula." Misozi anaima patsogolo pawo, Karen ali pakhomo manja m'chiuno. Palibe chinatuluka. A Jonasi anavula magalasi aja mwachifundo. "Mwaona, achemwali? Chikondi chimamvetsa munthu zinthu zoti palibe. Zimenezinso anatiphunzitsa."

Mawa lake Karen anamupeza Esinati kuseri kuja. Sanakhale pansi.

"Munabwerera mwendo kapena munabwerera kudzapasula nyumba yanga?"

"Ndinabwerera mwendo, alamu. Koma maso sindinawasiye kumudzi."

"Mwanayu anandibweretsera osandifunsa. Anangofika naye ngati thumba la makala, ati landira. Ndipo ine ndimakudziwani anthu a kwanu. Mumati mwana wa mlongo ndiye magazi enieni. Tsiku limene bambo a Ethan adzagone osadzuka, mudzabwera ndi ngolo. Mudzati zonse ndi za Misozi, Ethan apite kwa amalume ake. Ndikunama?"

Ngolo zotero Esinati anaziwonapo ndi maso ake.

"Chimene ndingamusiyire mwana wanga ndi cha m'mutu," Karen anapitiriza. "Chimenecho simudzakweza pa ngolo. Ndiye mukufuna ndigawirenso wanuyo?"

"Mawu si ndiwo, alamu, zoti wina akatapako mumphika mutsala msuzi wokha. Ethan sangaiwale supuni chifukwa Misozi naye waitchula."

"Phunzitsani wanuyo kwanu."

"Ndipatseni ndipite naye."

"Akachoka, madzi anditungira ndani? Inu ndi mwendo wanuwo?"

Karen atanena zimenezi anatola lichero la mtedza wosendasenda n'kulowa nalo m'nyumba, osathokoza.

Chilonda chinauma. Anamwino anamuuza Esinati kuti atha kubwerera kwawo, ndipo Karen anamuthandiza kufunsa nthawi ya minibasi, thandizo loyamba chifikireni. Koma Loweruka la sabata imeneyo a Jonasi anali ataitana amayi a mpingo kuti adzaone dongosolo, akayambitse m'makomo mwawo. Esinati anati adikira aone nawo, poti mbuli nayo imafuna kuphunzira.

Amayi anabwera ambiri ndithu, atavala zitenje zawo za mpingo. Mipando ya pulasitiki inatulutsidwa pabwalo, uliwonse ndi pepala lake kumsana. Patsogolo panaikidwa kampando kofiira, katebulo ndi mabuku a zithunzi. Setifiketi inatsamiritsidwa pa zenera, poti padzuwa imaoneka bwino. Misozi anauzidwa kuti agwire beseni la madzi osamba m'manja, ndipo akamaliza aime pakhomo la kukhitchini.

A Jonasi analankhula nthawi yaitali. Anafotokoza za ubongo, akuloza mutu wawo kuti amayi adziwe pomwe umakhala. Anati mwana amatola mawu pa zimene amaona ndi kumva pakhomo tsiku ndi tsiku, ndipo nyumba iliyonse imaonekera pakamwa pa mwana wake. Apa ananena zoona, ndipo amayi anavomera ndi mitu.

Kenaka Ethan anakhala pa kampando. Supuni, yodyera phala. Kapu, yomwera tiyi. Chipeso, chopesera tsitsi. Amayi anaomba m'manja, switi zinkalowa mkamwa.

Amayi busa Theresa, mkazi wa abusa a mpingowo, anali munthu amene analera ana ambiri ndipo sankafulumira kuomba m'manja. "A Sakala, mwanayu ndi wochenjera ndithu. Koma zinthu izi si zomwe amatulutsa tsiku lililonse? Mwina wangoloweza."

A Jonasi anaseka kuseka kwa munthu amene wafunsidwa funso lomwe ankaliyembekezera. "Amayi busa, tengani thumbali. Lowani m'nyumba, lowani kukhitchini. Ikanimo chilichonse. Ndati chilichonse."

Karen anawayang'ana amuna ake, koma iwo anali akuyang'ana amayi. Amayi busa analowa, n'kutuluka thumba litatupa, china atachipinda kukhwapa.

Ethan anapisa dzanja. "Sopo. Wosambira."

"Mwamva?" anatero a Jonasi.

Anapisanso. Chinatuluka chinali mthiko.

"Mthiko."

"Ntchito yake, mwana wanga? Kweza mawu amve akumbuyo."

Ethan anakweza. "Womenyera Misozi."

Anatambasula dzanja kudikira switi. Mayi wina kumbuyo anayamba kuseka, n'kusiyira panjira ataona kuti ali yekha.

"Ana ali ndi nthabwala zawo," anatero a Jonasi. "Chimenechonso ndi chizindikiro cha ubongo wabwino. Pitiriza."

Ethan sanafune kupitiriza opanda malipiro, choncho amayi busa anatenga switi pa katebulo n'kumupatsa okha. Anatulutsa kambale kachitsulo kophwanyika m'mphepete.

"Mbale. Yodyera Misozi ndi pusi."

"Wakhoza," anatero amayi busa, n'kumupatsa ina. Kenaka anafunyulula chija anapinda kukhwapa. Chinali chisaka chakale chomwe anachipeza kuseri kwa chitseko cha kukhitchini. "Nanga ichi?"

"Chisaka. Chogonapo Misozi."

Nkhuku zinali pa mtedza, popanda woziingitsa. Esinati ankafuna kuimirira, koma asanatero, kamawu kanachokera pakhomo la kukhitchini.

"Si chisaka chokha ayi."

Mitu yonse inatembenuka. Misozi anali atakumbatira beseni. Ankayang'ana Karen, ndipo zinkaoneka kuti akufuna kuwathandiza.

"Pansi pake pali katoni. Anti anandipatsa nthawi yozizira ija. Ethan waiwala katoni."

Amayi busa anatsitsa chisaka chija pang'onopang'ono. "A Sakala, uyu si mwana uja munatipempha kuti timupempherere lilime lake limasuke? Tinasala kudya Lachisanu lonse."

A Jonasi anali munthu wa maganizo achangu. Anakweza manja onse awiri kumwamba. "Mapemphero ayankhidwa. Pamaso pathu pomwe pano. Aleluya."

Manjawo anakhala m'mwambamo kanthawi, kenaka anatsika okha.

"Bwera kuno, mwanawe," anatero amayi busa. "Tula besenilo. Unayamba liti kulankhula?"

"Kalekale. Koma ndimalankhulira kuseri."

"Awa ndani?" Analoza Esinati.

"Amayi aakulu. A ku Mlolo."

"Nanga awa?"

"Amalume." Anaganiza pang'ono, poti masewerawo amafuna kuti munthu awonjezerepo. "Amayi aakulu amati nkhukundembo."

Esinati anawerama n'kuyamba kukonza bandeji yomwe inali yokonzeka kale. Mayi uja wa kumbuyo anapeza mpata womalizitsa kuseka kwake. Ndipo Esinati anazindikira kuti thumba la mwana limalandira chilichonse, zake zomwe.

Anaimirira. "Amayi, limenelo ndi langa, ndalivomera, ndipo sindidzalinenanso mwana ali pafupi. Koma pali nkhani ina. Mchimwene wangayu anatenga mwana uyu pamaliro, pamodzi ndi mbuzi za amake, kuti amuphunzitse. Pano akuti mu Januwale samulembetsa chifukwa salankhula. Mwamumva nokha. Ine ndikufuna mwanayu ndipite naye, ndikufunanso mbuzi zake. Ndamufunsa m'nyumba, wandiyankha kuti zili pamalo abwino. Mwina inu akuuzani malowo."

Amayi sanali kuyang'ana a Jonasi. Ankayang'ana Karen, ndi mthiko uja womwe unali pa katebulo pafupi ndi switi. Karen anapirira maso amenewo mpaka analephera.

"Musandiyang'ane ine ndekha ngati m'nyumba muno ndimakhala ndekha. Mthiko ndi wanga, inde. Koma mbuzi funsani awa. Mwakhalirazo ndi mbuzi. Kampando ako, katebulo, mabuku, zonsezo ndi mbuzi. Anagulitsa sabata yomwe anabwera nazo."

"Amake Ethan," anatero a Jonasi motsitsa.

"Ndinama? Setifiketi yokha ndiyo yanu."

Mayi mmodzi anaimirira, n'kuyang'ana mpando wake ngati wamuluma. Wina anatsatira. Posakhalitsa onse anali chiimire, poti panalibe wofuna kupezeka atakhalira mbuzi ya mwana wamasiye. Popanda wowauza anayamba kusanjikiza mipandoyo, wina pamwamba pa unzake, mapepala aja akupepeluka kumsana.

"A Sakala," anatero amayi busa, "mwanayu apita ndi amake aakulu lero, akamulembetse sukulu kwawo. Katundu wake mumupatse tili pompano. Mukatero, mawa m'tchalitchi tikakamba zina, osati izi."

A Jonasi anayang'ana zenera pomwe panali setifiketi, koma sinawathandize. "Zoterezi zimafuna kukambirana ngati banja," anatero.

"Munalonjeza pagulu," anayankha Esinati. "Bwezani pagulu."

Anabweza. Ananyamula mabuku n'kuwaika pa mkeka wa Esinati. Ananyamula katebulo. Mipando yosanjikiza ija anaikokera pomwepo, ikulira pansi. Ethan ataona kuti amayi ake akumunyamula pa kampando kofiira anayamba kulira, ndipo Esinati anatola thumba la mawu n'kumuika m'manja, pamodzi ndi switi zotsala.

"Ili ndi lako, bambo. Iwe sunalakwe, wakhoza zonse. Lathu tikasoka kumudzi."

Kanatsala kampando. A Jonasi anakanyamula ndi dzanja limodzi n'kukaika patsogolo pa Misozi, akuyang'ana kumbali. Anatembenuka kuti azipita.

"Dikirani, achimwene," anatero Esinati. "Masewera sanathe." Anawerama kwa mwana uja. "Misozi, ichi n'chiyani?"

"Mpando."

"Ntchito yake?"

Misozi anayang'ana Karen, n'kuyang'ana amalume ake, n'kubisa manja kumbuyo. "Wokhalapo Ethan."

Esinati anaweramuka. "Walakwa. Mphunzitsi pano ndinu, achimwene. Mukonzeni."

Amayi onse anali chiimire, akudikira. A Jonasi anatsegula pakamwa, ndipo munthu amene mawu sankamuthera anachita kuwafunafuna. Ananjuta pansi, thalauza la Loweruka likukhudza fumbi, mpaka maso awo analingana ndi a mwanayo.

"Misozi," anatero, ndipo dzinalo linamveka lachilendo pakamwa pawo. "Ndi wako. Wokhalapo iwe."

Mwana anakagwira kaye kampandoko ndi chala, ngati akuyesa mphika ngati ukutentha. Kenaka anatembenuka, n'kukhala.